Makilo a tiyi amalembedwa, nanga zigoli?

Abale athu amene adakhalako ku America m'zaka zija munthu ankachoka m'dziko muno usiku osatsanzika adabwerako ndi nkhani zambiri, koma imodzi yomwe siitha m'kamwa mwawo ndi ya mpira wa m'makoleji. Amati kumeneko timu ya ana a sukulu imadzaza bwalo kuposa mmene Flames imadzazira bwalo la Bingu ku Lilongwe. Sanama ayi. Bwalo la yunivesite ya Michigan limalowa anthu oposa 107,000, pomwe lathulo ndi la anthu pafupifupi 41,000.

Mpira wake si uno wathu wa kuphaziwu. Ndi wina wooneka ngati dzira, womwe anyamata ovala zipewa zolimba amathamanga nawo kukhwapa n'kumagwetsana ngati nkhunzi. Koma mtundu wa mpirawo ndilibe nawo kanthu, ndipo kukula kwa mabwalowo sindikusirira poti ndalama zake tilibe. Chomwe chimandipatsa nsanje ine ndi buku.

Masewero oyamba a pakati pa makoleji kumeneko adachitika pa 6 November 1869, pomwe Rutgers idagonjetsa Princeton 6 kwa 4. Taganizani, awerengi: David Livingstone adali akadali moyo, ndipo pomwe pali mzinda wa Blantyre lero amishoni adali asadafikepo, poti adadzafika mu 1876. Kuchokera m'masiku amenewo makoleji akuluakulu akhala akusunga mbiri ya matimu awo chaka ndi chaka: mphunzitsi adali yani, adasewera ndi ayani, tsiku liti, adapambana kangati, adagonja kangati. N'chifukwa chake mu November 2023 Michigan idatha kulengeza kuti yapambana masewero okwana 1,000 chiyambire. Munthu sungalengeze za kupambana kwa 1,000 ngati padalibe wina amene adakhala pansi n'kulemba kupambana koyamba, kwachiwiri, kwa 37, pa nthawi yomwe anzake ankamuona ngati akungotaya inki.

Tsono tibwere kwathu kuno. Timu ya koleji yomwe a Malawi ambiri akuikumbukira ndi Mzuni FC ya ku yunivesite ya Mzuzu, ija ankaitcha Green Intellectuals. Idalowa mu Super League mu 2015. Idapulumuka chaka chimenecho, idaseweranso mu 2016, 2017, 2018 ndi 2019, ndipo aliyense wotsata mpira akudziwa kuti kwa timu yongokwera kumene kukhala sizoni zisanu mu ligi imeneyi si chibwana. Ambiri amalowa mvula ikamakata n'kutuluka mvula ikamayamba. Bullets ndi Wanderers zikamakwera basi ya ku Mzuzu zinkadziwa kuti kupatula asirikali a Moyale, kumeneko kulinso anyamata obiriwira osafunika kuwaderera. Kenaka sukulu idachotsa dzanja lake. Pofika 2020 dzina loti Mzuni lidali litafufutidwa, timu idasanduka Mzuzu Warriors, ndipo pakutha pa sizoni ya 2020/21, ija idasokonekera ndi Covid-19, idatuluka mu ligi.

Mbiri yonseyo yakwana m'ndime imodzi, ndipo dandaulo langa lagona pomwepo. Sizoni zisanu ndi imodzi za thukuta, maulendo a usiku odutsa mu Chikangawa, zigoli, makadi ofiira, anyamata omwe adathyoka miyendo, zonsezi zamwazikana m'manyuzipepala omwe pano akukulungira zitumbuwa, m'mapeji a Facebook omwe eni ake adawasiya kalekale, ndi m'mitu mwa anthu. Komatu mutu wa munthu si nkhokwe yodalirika. Umakalamba, umadwala, ndipo ukamasimba umathira mchere.

Sindikuimba mlandu sukulu chifukwa chosiya timu. Sukulu za boma zomwe ophunzira ake ambiri amagona m'nyumba za lendi kunja kwa mpanda zili ndi chifukwa chomveka chofunsira ngati mafuta a basi ya timu ali oyamba pa mndandanda. Komanso timu ikafika mu ligi yaikulu siyendanso ndi ophunzira okha, poti ligi sidikira munthu kuti alembe mayeso. Imayamba kulemba anyamata a m'tauni, ndipo posakhalitsa wina mu khonsolo amafunsa kuti kodi timuyi ikadali yathu? Zoterezi si zachilendo. Matimu a mabungwe m'dziko muno amafa kawirikawiri. MDC United, akatswiri a ligi a 1988, ili kuti lero? Nanga MITCO, imodzi mwa matimu asanu ndi atatu omwe adayambitsa Super League mu 1986? ESCOM United idatenga ligi mu 2007 ndi mu 2010/11, koma mwana wa Standard 8 lero angakufunseni kuti kodi ndi timu ya dziko liti. Bullets yasinthapo mayina ngati malaya, Bata, Total, Bakili, Nyasa, koma siifa, chifukwa ochemerera ake amawerenga zikho zawo pamtima n'kumaphunzitsa ana awo. Timu yaing'ono ilibe khamu loterolo loisungira mbiri. Ikafa imafa ndi dzina lomwe, pokhapokha wina atalemba.

Mwina ena mwayamba kale kufunsa kuti nanga nkhani ya ku Mzuzu ikukhudza bwanji anthu a ku Thyolo. Ikuwakhudza chifukwa kuyambira 2014 boma la Thyolo nalo lili ndi yunivesite yake, Malawi University of Science and Technology, yomwe timangoti MUST, ku Ndata kufupi ndi Goliati. Sukuluyi ndi yaing'ono pa zaka, kotero mwayi womwe Chancellor College, Polytechnic ndi Bunda zidali nawo kale, woyamba buku pa tsamba loyamba oyambitsa timu akadali moyo, kwa MUST ukadalipo. Ndipo sukuluyi idamangidwa m'boma lomwe mpira wa anthu wamba wakhala ukuseweredwa kwa zaka zambirimbiri popanda woulemba.

Chodabwitsa n'chakuti palibe malo m'Malawi muno omwe amakonda kulemba kuposa esiteti ya tiyi. Pitani ku Satemwa, yomwe idayamba mu 1923, pitani kwa Conforzi, ku Naming'omba, ku Makandi, ku Nchima kapena ku Makwasa. Ntchito ya tiyi siyenda popanda cholembera. Mayi akabwera ndi dengu la masamba kumsana, kalaliki amalikoleka pa sikelo n'kulemba makilo ake pa dzina lake. Kapitawo amalemba amene wabwera ndi amene wajomba. Mvula ikagwa usiku, m'mawa wina amakayeza kuti yagwa mamilimita angati n'kulemba. Kufakitale amalemba makilo olowa ndi otuluka, ndipo ku msika wa tiyi ku Limbe amalemba mtengo wa mtundu uliwonse. Ngakhale m'masiku a thangata, makolo athu ankayenda ndi tikiti yomwe ankaichonga tsiku lililonse lomwe agwirira mzungu ntchito yolipirira malo okhala. Mwachidule, thukuta la munthu wa ku Thyolo lakhala likulembedwa kwa zaka zoposa 100, bola likhale thukuta lobweretsa ndalama.

Koma munthu yemweyo Lamulungu masana amavula nsanza za kumunda, n'kuvala jezi, n'kulowa m'bwalo la pafupi ndi komboni. Divishoni ina imabwera pa thirakitala kapena wapansi, amayi amaimba m'mbali mwa bwalo, ana amakwera m'mitengo ya bulugamu, wina amachinya zigoli zitatu, dzuwa n'kulowa. Lolemba m'mawa kalaliki yemwe uja, amene mwina ndiye adali woyimbira mpirawo, amatsegula kaundula wake n'kulemba makilo. Za zigoli zitatu zija, ziii. Funsani munthu wokonda mpira mu Limbe kuti atchule matimu a m'minda ya nzimbe, akutchulirani SUCOMA ya ku Nchalo ndi Dwangwa United osaphethira. Mufunseni za matimu a m'minda ya tiyi, ayamba kukanda m'mutu. Mwina angakumbukire Bvumbwe Research, timu ya pa malo a kafukufuku wa zaulimi ku Bvumbwe yomwe idakwera mu Super League mu 2012 koma sidakhalitsemo. Kupitirira apo, Thyolo amaoneka ngati boma lomwe anthu ake sadziwa kuti mpira ndi wozungulira.

Pali chifukwa china chomwe matimu a m'maesiteti amazimiririka msanga, ndipo chagona pa kalendala. Tiyi amaphuka kwambiri nthawi ya dzinja, kuyambira cha mu December mpaka cha mu April, ndipo ndi nthawi yomwe maesiteti amalemba anthu ochuluka a kontalakiti. Mvula ikakata masamba amachepa, makontalakiti amatha, anthu amabwerera m'midzi mwawo, ena amalowera ku Blantyre kukasaka maganyu, ena ku Joni. Tsono nyengo imeneyi ndi yomwe mpira wa m'dziko muno umayamba. Mnyamata amene adali mzati wa timu mu February, pofika June ali ku Bangwe akugulitsa kaunjika. Timu yotere imasintha nkhope chaka chilichonse, ndipo ikadalira mtima wa manijala mmodzi wokonda mpira, tsiku lomwe manijalayo wasamutsidwa jezi zimatsekeredwa mu sitolo. Apa timu ya pa esiteti ndi timu ya pa koleji ndi pachibale: zonse ziwiri osewera ake ndi odutsa, wina amatha zaka zinayi, wina miyezi isanu. Chokhacho chomwe chingalumikize timu ya chaka chino ndi ya zaka khumi zapitazo ndi dzina ndi buku.

Ndikudziwa chomwe ena anene. Ati iwe, ku Thyolo anthu akulira malo olima, akulira malipiro, ana akusiya sukulu, ndiye ukutitayitsa nthawi ndi buku la mpira? Funso ndi labwino, ndipo sindikunena kuti kope la zigoli lidzaphika nsima. Koma tamvani zomwe zidawaonekera anansi athu a ku Zambia, komwe ambiri a inu mudakhalako zaka zambiri.

Mu December 2012 Lionel Messi adaposa zigoli 85 zomwe Gerd Müller wa ku Germany adachinya m'chaka chimodzi cha 1972, ndipo adatseka chakacho ndi zigoli 91. Dziko lonse lidaomba m'manja. A ku Zambia adaimirira n'kunena kuti dikirani kaye, m'chaka chomwecho cha 1972 Godfrey Chitalu wa Kabwe Warriors adachinya zigoli 107. Anthu adathamangira m'manyuzipepala akale kukawerenga chigoli chimodzichimodzi. Bungwe la FIFA lidangoyankha kuti silisunga ziwerengero za maligi a m'mayiko, kotero silingatsimikize. Mwini wake sakadatha kudziyankhulira, poti adafa pa ngozi ya ndege ija ya mu April 1993 kufupi ndi Gabon, pamodzi ndi timu ya dziko lawo yomwe ankaiphunzitsa. Zigoli za Messi zili pa kanema chimodzichimodzi, za Chitalu zidasanduka mtsutso. Ngati zidatero ndi katswiri wa dziko lonse la Zambia, nanga mnyamata wa ku Thekerani?

Chitsanzo china chili pakhomo pomwe. Tonse tikudziwa kuti Temwa Chawinga adachinya zigoli 20 mu ligi ya amayi ya ku America mu 2024 ndi timu ya Kansas City Current, kuposa wina aliyense m'mbuyomo. Tikudziwa chiwerengerocho ndendende chifukwa kumeneko amalemba. Mtsikana wa luso lotero akhoza kukhala pa komboni ina ku Thyolo lero lino, koma wofuna osewera akabwera kuchokera ku Blantyre adzafunsa kuti wasewera kangati, wachinya zingati, adayamba liti, ndipo yankho lidzakhala lakuti amatha kwambiri, funsani aliyense. Pa msika wa mpira wa masiku ano "funsani aliyense" si umboni. Buku lomweli limathandizanso pa matenda athu akale onama zaka. Mwana amene dzina lake lidalembedwa m'timu ya akuluakulu mu 2016 sangabwere mu 2024 n'kumati ali ndi zaka 16.

Palinso nkhani ya ndalama, yomwe ambiri sakonda kuikamba. Kampani ikapereka mipira, jezi kapena ndalama za ulendo, komiti ikatolera za pakhomo, phungu akabwera ndi chikho chake chaka cha chisankho chikayandikira, zonsezi zimadutsa m'manja mwa anthu awiri kapena atatu. Pomwe palibe buku, palibe wofunsa. Ndipo m'boma lothinana ngati Thyolo, momwe munthu amalima mpaka m'mphepete mwa msewu, bwalo la mpira lomwe lakhala miyezi ingapo osaseweredwapo limayamba kudyedwa ndi mizere ya chimanga kuchokera kumakona. Tsiku lokangana za bwalolo kwa mfumu kapena ku ofesi ya esiteti, anyamata onena kuti takhala tikusewera pano kuyambira kale amagonja. Obwera ndi kope losonyeza masewero a pa bwalolo chaka ndi chaka amamvedwa.

Komanso anthu a ku Thyolo akudziwa kuposa wina aliyense kuwawa kwa mbiri yolembedwa ndi mbali imodzi. Mu August 1953 mkangano wa malalanje pa esiteti ya Mangunda kufupi ndi Luchenza udabutsa zipolowe zomwe zidafalikira m'maboma ena a kummwera, n'kuphetsa anthu 11. Chiwerengerocho timachidziwa chifukwa atsamunda adachilemba m'malipoti awo. Koma mayina a anthu 11 amenewo, ndi angati mwa ife angawatchule? Anthu omwe amalembedwa ndi ena okhaokha amatsala ngati nambala. Buku la mpira ndi kanthu kakang'ono, inde, koma ndi limodzi mwa mabuku ochepa momwe wotchola tiyi angalowemo ndi dzina lake lonse chifukwa cha luso lake, osati chifukwa cha makilo kapena mlandu.

Tsono pempho langa likupita ku Ndata. MUST ili ndi nthambi yotchedwa Bingu School of Culture and Heritage, komwe amaphunzitsa za chikhalidwe komanso digiri ya sayansi ya zamasewero. Ophunzira amenewa chaka chilichonse amasowa mitu ya kafukufuku, ndipo ife amene tidalawako koleji n'kutulukamo tisadavale mkanjo tikudziwa mmene mitu yambiri imathera: mapepala omangidwa bwino, ogona pa shelefu mpaka njenjete zitawapeza. Bwanji osayamba ndi matimu a sukulu yawo yomwe, la anyamata ndi la atsikana, kuyambira 2014? Oyambitsa akadali moyo, ambiri ali pa ntchito m'matauni, foni zawo zikugwira, zithunzi akadali nazo. Sizoni iliyonse ikhale ndi tsamba lake: adasewera mu mpikisano wanji, ndi ayani, pa bwalo liti, zidatha bwanji, adasewera ndani, mphunzitsi adali yani, ndalama zidachokera kuti.

Akatha apo atuluke pa geti. Wophunzira mmodzi atenge esiteti imodzi kapena dera limodzi, akhale pansi ndi madala omwe adasewerapo, aliyense payekha kuti asauzane mayankho, kenaka afananize. Akapemphe kuona makabati a m'maofesi a maesiteti, poti kampani yomwe imasunga za mvula singalephere kukhala ndi malisiti a jezi, zithunzi za zikho ndi makalata oitanirana masewero. Akafufuze mu Daily Times, Malawi News ndi Boma Lathu akale ku National Archives ku Zomba ndi ku laibulale ya Society of Malawi ku Mandala. Njira yake ena adailambula kale. Mario Antoine adasonkhanitsa mbiri ya mpira wa dziko lino kuyambira m'masiku a Nyasaland, ndipo zigoli 71 zomwe Kinnah Phiri adachinyira Flames zimatchulidwa kunja lero chifukwa padapezeka anthu opirira owerenga masewero amodziamodzi. Chatsala ndi kutsitsa ntchito yotereyi kuchoka pa timu ya dziko kufika pa bwalo la fumbi.

Chenjezo langa ndi limodzi, koma ndilikokomeza. Bukuli lisakhale la matamando. A Malawi tili ndi chizolowezi, chomwe tidachiphunzira bwino m'zaka 30 za chipani chimodzi, cholemba zokoma zokhazokha ndi kufufuta zowawa pamodzi ndi mayina a anthu omwe agwa m'chisomo. Ngakhale bwalo lathu la ku Blantyre lidachoka pa Kamuzu kupita pa Chichiri n'kubwereranso pa Kamuzu malinga ndi amene ali pampando. Buku la timu likatsata mzimu umenewu ndiye kuli bwino osaliyamba. Tsiku lomwe timu idakwapulidwa 7 kwa 0 lilembedwe. Tsiku lomwe sidafike pa bwalo chifukwa thirakitala idakanizidwa lilembedwe. Masewero omwe adathera panjira chifukwa ochemerera adathamangitsa woyimbira mpaka m'munda wa tiyi, kapena chifukwa timu ina idakana kulowera pa geti poopa mankhwala n'kudumpha mpanda, alembedwe momwemo. Chaka chomwe timu sidasewere n'komwe chikhale ndi tsamba lake, pamwamba chaka, pansi chifukwa chake. Masamba oterewa ndi omwe mdzukulu adzawerenge kawiri, poti ndi momwe adzaonere mmene agogo ake ankakhalira ndi mabwana awo.

Ndipo bukuli lisakhale katundu wa kampani kapena wa ofesi ya zofalitsa nkhani ya sukulu, chifukwa amenewo adzalisandutsa kalendala ya zithunzi za mabwana akupereka zikho. Alembi akhale ophunzira ndi makalaliki a m'deralo, ndipo zolembazo ziwerengedwe poyera pa bwalo pakutha pa sizoni, kuti amene chigoli chake chapatsidwa kwa wina adandaule pomwepo anthu oona akadalipo. Mtengo wake wonse ndi kope la chikuto cholimba, bolopeni, ndi foni yojambulira masamba.

Za foniyo ndikunenetsa. Buku lililonse likhale m'malo atatu: limodzi ku laibulale ya MUST, lina ku Zomba, lina m'manja mwa komiti ya timu kumudzi komweko, ndipo zithunzi za masamba ake ziikidwe pa intaneti. A ku Mzuzu angakuuzeni chifukwa chake. Pa 18 December 2015, chaka chomwe Mzuni FC idalowa mu Super League, laibulale ya yunivesiteyo idapsa ndi moto, ndipo mabuku pafupifupi 45,000 adasanduka phulusa tsiku limodzi.